Chipsera cha pa Chitseko

"Iyi ndiye ayi," anatero Orijino, n'kuibweza pampu ya mafuta pa boneti ngati yamuotcha zala.

Mwini wake wa bwalo la magalimoto akufa, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Dzimbiri, anaseka mpaka kutsokomola. Anali atakhala pa tayala la thirakitala pakati pa zigoba za magalimoto, akupukuta thukuta ndi chisanza chomwe ankapukutiranso oyilo.

"Amwene, pampu imeneyi ikulowa bwinobwino. Mabawuti awiri, paipi uku, paipi uku, nkhani yatha. Dzuwa lisanalowe pikapu ya madala ikhala ikuyenda."

"Kulowa ikulowa, koma si yake. Ndi ya galimoto ya mtundu wina."

"Nanga petulo amadziwa kuwerenga? Akafika pa pampu amaima kuti aone kaye chizindikiro?"

Orijino sanaseke. Dzina limeneli anamupatsa ndi amakaniko anzake, ndipo linamukhala. Ntchito yake inali yowongola magalimoto ochita ngozi. Zaka makumi awiri akugogoda zitsulo, dzanja lake linafika poti likadutsa pa galimoto, mwini wake ankafufuza pomwe panagundidwa osapaona. Koma munthu aliyense ali ndi nthenda yake. Ya Orijino inali yoti chitsulo chilichonse chosachokera ku fakitale ya galimotoyo chinkamunyansa ngati ntchentche m'kapu ya tiyi.

Pikapu yomwe ankakonzayo inali ya abambo ake. Anaigula kwa munthu wina iye asanabadwe, n'kuiyendetsa zaka makumi atatu, ikunyamula miyala ya ku kwale, njerwa, mchenga ndi makabati a anthu osamuka. Maso atayamba kuchita mdima, madalawo anaiimika pansi pa mtengo pabwalo. Inakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Zaka zitatu zapitazo Orijino anabwera ndi chingwe n'kuikokera ku galaja kwake. Tsiku limenelo analonjeza, achemwali ake akumva: "Bambo, ndikaidzutsa galimoto imeneyi ndidzakutengani ulendo wa ku kwale, mukaone komwe munkagwira ntchito." Madalawo anagwira boneti ndi manja onse awiri, n'kungoti, "Usachedwe nayo."

Tsopano chinatsala n'chochepa. Injini anaimasula yonse n'kuimanganso, mabuleki anali atsopano, mawaya onse anasintha. Pampu yeniyeni, ya mtundu wake ndi chaka chake, anali ataiitanitsa kwa munthu wina wa kutali yemwe ankati aipeza posachedwa.

"Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, amwene," anatero Dzimbiri. "Wa pachala ndi wa mphepo."

"Sunga khosi, mkanda uoneka. Tiyeni tione chitseko chomwe munandiitanira."

Chitsekocho chinali chotsamira ku mpanda, cha mbali ya dalaivala, chowongoka ngati chachokera m'sitolo. Dzimbiri anachichotsa ku pikapu ina ya chaka chomwecho yomwe inaphwanyika kumbuyo. Orijino anachisisita. Anagwirizana zosinthana: iye atenge chitsekocho, asiye chakale pamodzi ndi mulu wa zitsulo zonse zomwe anachotsa m'galimoto ya abambo ake.

Dzimbiri anatembenuza chitseko chakalecho ndi phazi. Chinali cha buluu wopauka, pakati pake polowa m'kati, denti yaitali ngati mkono wa munthu.

"Koma inuyo, mmisiri wa madenti, kameneka kakukanikani?"

"Chitsulocho chinatopa," anayankha Orijino mwachidule.

Linali bodza. Denti imeneyo akanatha kuiwongola tiyi asanazizire. Zoona zake n'zakuti sankafuna ngakhale kuigwira. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anaba makiyi pa msomali, n'kuliza galimoto, n'kuponya giya yobwerera m'mbuyo. Ulendo wake unathera pa mzati wa geti. Abambo ake anamukoka khutu kuchokera pagetipo mpaka pakhonde, ndipo dentiyo sanaikonze mpaka kalekale. Ankaitchula kuti chipsera. Mlendo aliyense akafika ankamutengera pa chitseko: "Mukuona apa? Ntchito ya mwana wanga uyu." Anthu n'kumaseka. Ngakhale atakula n'kukhala ndi galaja yake, akati awongole, madalawo ankakana. Orijino anakula akudziwa chinthu chimodzi: abambo ake anasunga chipseracho kuti azimuchititsa nacho manyazi. Pa tsiku losinthanali anasiya chitsekocho kwa Dzimbiri chagada m'fumbi, ndipo sanacheuke.

Loweruka masana anapita kukaona madalawo. Ankakhala ndi achemwali ake a Orijino, oyamba kubadwa, telala wosokera pakhonde. Anawapeza akupondaponda makina, mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'manja asanamulonjere n'komwe.

"Wabwera wapansi."

"Yatsala pang'ono, achemwali. Pampu yokha."

"Chaka chatha unati magalasi okha. Chisanafike chimenecho unati nyali zokha. Kodi ukukonza galimoto kapena ukumanga tchalitchi?"

"Inu simungamvetse. Magalimoto amenewa atsala owerengeka. Ukaikamo chitsulo chachilendo, waipha."

"Ndi anthu amene atsala owerengeka, achimwene. Dzulo abambo ako anaika nsapato m'ndowa ya madzi akumwa. Dzana amandifunsa kuti amayi abwera nthawi yanji kuchokera kumsika. Amayi, amene tinawaika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo! Adokotala akuti mutu ukupita, ndipo subwerera. Iwe uli kalikiliki kufunafuna pampu yokhala ndi dzina."

Orijino anati ayankhe, koma m'nyumba munamveka kukhwekhwereza kwa mapazi. Madalawo anatulukira atagwira khoma, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. M'thumba la pachifuwa munkaoneka laisensi yawo yakale, yomwe sankalola kuti ichoke m'menemo ngakhale pochapa. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope inamasuka.

"Ndiwe? Galimoto yanga yatha?"

"Yatsala pang'ono, bambo. Ndikudikira chitsulo chimodzi."

"Chitsulo chanji? Galimoto ija siivuta. Ikakana, umangogogoda pa batire kawiri. Ikakanabe, waya. Ine ndinayenda nayo zaka zonse zija ndi waya ndi pulayala basi."

"N'chifukwa chake ndikufuna ikhale bwino, bambo. Ngati mmene inatulukira ku fakitale."

Madalawo anagwedeza mutu ngati amva, n'kukhala pa mpando. Patapita kanthawi anatembenuka n'kufunsanso, ndi mawu omwewo, ngati galimoto yawo yatha.

Achemwali anamuperekeza mpaka pageti, pa mzati womwe uja.

"Ndikukupempha, ika pampu iliyonse. Uwatenge mawa, akaone kwale yawoyo akadali kukudziwa. Ukabwerako uchotse, uziyembekeza ya orijinoyo mpaka Yesu adzabwere."

"Sindingawakweze abambo m'galimoto yosatha. Penti sindinapake, mpando uli kwa osoka. Ndikufuna akaiona adzadabwe."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero achemwali, n'kutseka geti.

Orijino anapita atakwiya. Mumtima ankati akazi a makina osokera sangadziwe kusiyana kwa ntchito yeniyeni ndi yongophatika. Ankawakonda abambo ake, zimenezo palibe angatsutse. Koma pansi pa chikondicho panali kanthu kena komwe sankakatchula: ankafuna madalawo adzazungulire galimotoyo, afufuze cholakwika, asachipeze, kenaka anene pamaso pa anthu kuti mwana wawo ndi mmisiri.

Pampu ija inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Yoyamba kufika inali ya chaka china, ndipo anaibweza. Pa miyezi imeneyo Orijino sanakhale manja lende. Popala penti ya buluu, yomwe inali yopaka ndi burashi ya m'nyumba, anapeza pansi pake mtundu wina, wobiriwira. Kachitsulo ka manambala kuseri kwa boneti kanatsimikiza kuti umenewo ndiwo unali wa ku fakitale. Anasakaniza penti kanayi mpaka inafanana ndendende. Chogwirira chitseko chomwe madalawo anapota ndi waya chinali chitapita ndi chitseko chakale chija, ndipo iye anaika chonyezimira. Kamutu ka giya, komwe anasema okha ku mtengo n'kusalala ndi thukuta la zaka makumi atatu, anakaponya pa mulu wa zotaya. Mpando wong'ambika wokutidwa ndi bulangeti unalowedwa m'malo ndi wachikopa chakuda. Kwa abambo ake ankapitako mwa apo ndi apo. Funso lawo lija linkamulasa, ndiye ankalizemba.

Tsiku lomwe pampu yeniyeni inafika, anaimanga nthawi yomweyo. Atatembenuza kiyi, injini inatsokomola kamodzi n'kuyamba kulira mosalala. Amakaniko a magalaja oyandikana anasiya masipanala n'kubwera kudzaonerera. Wina anavula chipewa mwanthabwala. Wina anati, "Koma Orijino, iwe ndi mfiti."

M'mawa mwake anavala malaya oyera n'kuiyendetsa pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse. Anthu m'misewu ankacheuka, ena kujambula ndi mafoni. Atafika analiza hutala kawiri, n'kulowa pageti mosamala ngati wanyamula mazira.

Achemwali anatuluka atawagwira madalawo pamkono. Anali ataonda, thalauzi litamangidwa ndi lamba woboola mabowo atsopano. Orijino anatsika, anatsegula chitseko, n'kuima pambali akumwetulira ngati mwana wa sukulu wonyamula mphotho.

"Bambo, nayi galimoto yanu. Tiyeni ku kwale."

Madalawo anayang'ana pikapu ikuti waliwali padzuwa. Kenaka anayang'ana Orijino, n'kuwerama pang'ono mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Galimoto yabwino. Ndi yanu?"

Kumwetulira kuja kunauma pankhope.

"Ndi yanu, bambo. Pikapu yanu ija. Ndine mwana wanu, ndaikonza."

"Ayi, mwasokoneza nyumba. Yanga ndi ya buluu."

"Buluu uja anapaka ndi munthu wina. Mtundu wake weniweni ndi uwu."

"Iwe," ananong'ona achemwali, "anaigula ili kale ya buluu. Yobiriwira sanaionepo chibadwire."

Orijino anacheukira galimotoyo. Zaka zitatu akuwerenga manambala, zimenezo sanaziganizepo.

Madalawo anasendera pafupi. Maso anali atatha, koma manja a dalaivala anali akadali ndi nzeru zawo. Anafufuza chogwirira cha waya, napeza chitsulo chozizira. Anasuzumira m'kati, dzanja likupita lokha pomwe panali kamutu ka giya, n'kulibweza msanga. Kenaka anatseka chitseko n'kuyamba kuchisisita ndi chikhatho, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kubwereranso, pamalo amodzimodzi.

"Mwaona? Si yanga. Yanga ili ndi chipsera apa."

"Chitseko chija chinali chowonongeka, bambo."

"Chowonongeka?" Madalawo anaseka, kuseka kwa kale komwe Orijino anali asanakumve zaka zambiri. "Inu simukudziwa. Anagunda ndi mwana wanga. Zaka khumi ndi zinayi zokha, miyendo yosafika bwino pansi, koma analiza yekha galimoto, n'kupeza yekha giya ya m'mbuyo. Giya imene ija inkavuta madalaivala akuluakulu! Palibe anamuphunzitsa, ankangondiyang'ana manja. Khutu ndinamukoka, inde, nanga mwana ungamusekerere? Koma tsiku lomwelo ndinawauza amayi ake kuti uyu adzadya za magalimoto. Amakaniko angati anandipempha kuti awongole? Onse ndinawakaniza. Ngakhale mwini wake ndinamukaniza. Aliyense wobwera pano ndinkamuonetsa."

Achemwali anayang'ana kumbali. Orijino anamva ngati wina wamuponda pachifuwa ndi bondo. Zaka makumi atatu ndi kupitirira anasenza manyazi pa chinthu chomwe abambo ake ankanyadira, ndipo anachipereka yekha kwa Dzimbiri, chagada m'fumbi.

"Tangokwerani, bambo," anatero Orijino. "Tingoyenda pang'ono."

"Galimoto ya eni? Ayi, zikomo. Ndikudikira yanga."

Anakana kwamtuwagalu. Achemwali atayesa kuwakankhira pang'ono, anayamba kunjenjemera ndi kukuwa kuti akufuna kuwaba, mpaka anawalowetsa m'nyumba.

Orijino anathamangitsa pikapu ija kupita kwa Dzimbiri, osazembanso maenje. Anamupeza akudula chigoba cha minibasi ndi moto.

"Eee, yatuluka! Amwene, iyi ndiye mkwatibwi!"

"Chitseko chija chili kuti?"

"Chiti?"

"Cha buluu. Cha denti. Ndi zitsulo zonse ndinasiya zija."

Dzimbiri anazimitsa moto n'kukweza magalasi pamphumi.

"Chimene munati chinatopa chija? Chinapita kalekale. Lole ya osungunula zitsulo imabwera mwezi ndi mwezi. Pano mwina ndi mphika, wina akuphikira nyemba." Anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzakeyo analekeza. "Chachitika n'chiyani? Madala aja?"

"Ali moyo."

"Ndiye bwanji?"

Orijino anangomusiya pomwepo. Anazungulira bwalo lonse, akutembenuza maboneti ndi mabampala, akudzicheka zala, malaya oyera aja akusanduka ofiira ndi dzimbiri. Panalibe kanthu ka buluu kupatula chitseko cha firiji. Dzimbiri ankamutsatira chapatali, ndipo pomaliza anangoti, "Pepani, amwene. Madzi akatayika saoleka."

Ku galaja anaimika galimoto pakati, n'kutseka zitseko za malata kuti anzake asaone. Anatenga hamala yaikulu, osati tija towongolera. Anaima kutsogolo kwa chitseko chomwe anachisalaza masiku asanu ndi limodzi. M'galasi la penti ankadziona nkhope yake. Malowo ankawadziwa bwino, akanatha kuwaloza atatsinzina. Dzanja linakana kawiri. Kachitatu anamenya, gu! Penti inathetheka n'kugwa tizidutswa. Anamenyanso, kenaka kachitatu, misozi ikutsikira m'kamwa. Munthu amene moyo wake wonse ankachotsa madenti, tsiku limenelo anaika yake.

Dzuwa litapendeka anabwerera. Achemwali ataona chitsekocho anagwira pakamwa. Analowa m'nyumba n'kuwatulutsanso madalawo, omwe anali ataiwala kale za m'mawa.

"Bambo, galimoto yanu yabwera," anatero Orijino. "Gwirani apa."

Anawagwira dzanja n'kuliika pa chitseko. Zala zokalamba zija zinalowa m'dentimo, zinayenda m'mphepete mwake, zinabwerera pakati. Kwa kanthawi nkhope ya madalawo inaoneka ngati ikufuna kukumbuka.

Kenaka anachotsa dzanja n'kulipukuta pa thalauzi.

"Ichi mwamenya ndi hamala. Onani, n'chozungulira, ndipo n'cha lero, penti ikadali kugwa. Cha mwana wanga chinali chachitali, cha mzati wa geti." Anapukusa mutu momvera chisoni. "Mwawonongeranji galimoto yabwinobwino, bambo? Mukadapita nayo kwa mwana wanga. Amawongola zimenezi, ali ndi galaja kuseri kwa msika. Mmisiri woopsa. Mumamudziwa?"

"Ndimamudziwa," anatero Orijino.

"Mukamuona mukamuuze kuti ndikudikira. Ndinamuuza kuti asachedwe nayo."

"Ndikamuuza, bambo."

Achemwali anawatembenuza pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Pa sitepe anacheuka n'kumuyang'ana mchimwene wawo. Orijino anayembekeza mwambi wina, ndipo akanaulandira, koma sanamupatse ngakhale umenewo.

Analiza galimoto n'kuibweza m'mbuyo mpaka pansi pa mtengo uja, pomwe madontho a oyilo akale anali akuonekabe m'dothi. Anazimitsa injini, anakweza magalasi, anakiya. Makiyi anakawakoleka pa msomali wawo wakale kuseri kwa chitseko cha nyumba, pomwe anawaba ali mwana. Anatuluka wapansi.

Akudutsa pa windo la chipinda chochezera anamva mpando ukulira, madalawo akukhala. Kenaka mawu awo, odekha, a munthu amene sakukayika kuti lonjezo lidzakwaniritsidwa:

"Kodi galimoto yanga yatha?"

Makina osokera anali atayamba kale kulira. Anaima pang'ono.

"Sinathe, bambo," anayankha achemwali. "Akudikira chitsulo chimodzi."